Kaundula wa ku Linga

Bukuli silinalembedwe ndi dzanja limodzi.
Tsamba loyamba ndi la Che Swaleyi, telala:
"Tiyosofe: nzeru za umulungu."
Mayi Nambewe aphunzitsi
anafunsa m'munsi ndi inki yofiira: "Inayamba liti?"

Wina anayankha 1875,
wina anafufuta, wina n'kubwezeretsa,
mpaka pepala linabooka.

Limagona m'kabati kwa Jafali wogulitsa mankhwala,
pakati pa mzikiti ndi tchalitchi cha mishoni.
Limanunkha madeya a mpunga.

Dzulo linafika kwa ine.
Pa mutu wakuti "Mzimu"
ndinapeza mizere isanu ndi iwiri, yonse yotsutsana,
ndi danga lomwe Che Swaleyi anasiya
sabata yomwe tinawaika m'manda.

Ndinasongola pensulo.
Dangalo likadali pompo.