Nkhope Ziwiri pa Lona

Kuno ku Samar, kuseri kwa msika wa nsomba zouma,
makina anga osindikizira alibe chipani.
M'mawa amalavula Eufemio Tabarangao,
madzulo amalavula Leonila Sabusap,
inki yake ya m'chigubu chimodzi.
Onse akulimbirana mpando umodzi ku Nyumba ya Malamulo,
ndipo nkhope zawo ndimazidziwa kuposa kalilole.

Tabarangao anati ndimuchotsere zaka khumi ndi ziwiri.
Ndinasita makwinya, ndinatsuka mano,
ndinaitana tsitsi limene linasamuka kalekale.
Amalipira pompopompo, ndalama zonunkha kabati,
chenji sawerenga.
Mlatho wa pamtsinje wathu anamanga ndi malemu bambo ake.
Simenti inapita ndi madzi chaka chachiwiri,
chikwangwani cha dzina chikadali chilili.
Koma mwana wanga Nonoy atatentha thupi masiku anayi,
galimoto imene inamuthamangitsira kuchipatala usiku
inali ndi nkhope yomweyi pachitseko.
Zimenezo ndilibe nacho chofufutira.

Sabusap ankaphunzitsa masamu.
Anakana kuti ndikhudze chipsera cha pachibwano,
koma lona yense anamudzaza ndi mawu:
mtengo wa kokonati wouma, ngongole za asodzi,
manambala ang'onoang'ono ngati nyerere
oti wa njinga yamoto adutsa asanawerenge atatu.
Sanandilipire malona makumi anayi.
Analemba yekha m'kope langa, ndi tsiku lobweza,
tsikulo lasuntha kawiri.
Akamayankhula pabwalo la mpira ana amasinza,
ngakhale agalu amachoka.
Nditamufunsa za khoma lotchinga mafunde
anangoti, "Sindikudziwa, ndikafufuze."
Ndinaseka.
Lachinayi anatulukira, pepala lili m'manja.

Mlamu wanga amati usamaganize kwambiri,
fodya wako ndi amene ali pamphuno.
Mkazi wanga Consorcia, akupala mamba,
amati wina ndi mvula ya tsiku limodzi,
winayo ndi chitsime chimene sanayambe kukumba,
ndipo ludzu silidziwa kudikira.
Ndikamufunsa kuti ndiye iwe uli kuti,
amangotembenuza nsomba.

Chimene ndikudziwa ine ndi ichi.
Zisankho zikatha, namondwe amabwera,
safunsa amene wapambana.
Malata amauluka ngati njiwa,
ndipo anthu amakwera m'mapolo a magetsi
kukamasula nkhope zanga.
Wopambana ndi wogonja amagona chagada padenga,
atapsinjidwa ndi miyala ndi matayala akale.
Lona wa Tabarangao ndi wochindikala, sadontha,
koma m'nyumba mumakhala mdima masana.
Wa Sabusap ndi wopyapyala, ndinamutchipitsira,
mvula ikalimba mufunika ndowa ziwiri,
koma dzuwa limalowa,
ndipo mwana atagona pamphasa angathe kuwerenga
manambala aja chambuyo.

Kwatsala masiku asanu.
Usiku uno onse awiri apachikidwa pachingwe chimodzi kuti aume,
akuyang'anizana, akumwetulira monga ndinawakonzera,
mphepo ya kunyanja ikuwagundanitsa mphumi.
Ndazimitsa makina. Kope la ngongole ndatseka.
Lolemba ndikaima pamzere kusukulu ya pulayimale,
ndipo mtsikana wina adzandidonthezera inki pachikhadabo
kuti ndisavote kawiri,
ine amene zala zanga sizinayerepo
chiyambire mwezi wa Malichi.