Kamlatho Kamodzi

Kompyutayo inali ya malume Bořek,
yakale, yong'ung'udza ngati firiji usiku.
Anandisiyira pamodzi ndi buku la malamulo
lonenepa kuposa la masamu,
nati, "Usayambe ndi nkhondo yaikulu, Svatava.
Tenga kamlatho kamodzi, ukateteze mpaka madzulo."

Ine wa zaka khumi ndi zitatu,
kamlatho n'kachiyaninso?
Ndinasankha chigwa chonse:
asilikali zikwizikwi, akavalo, mizinga,
onse atasanduka timabokosi tobiriwira
tili phee m'tizipinda ta ngodya zisanu ndi imodzi
ngati ana a njuchi m'chisa.

Panja chipale chinkagwera pa njanji za thiramu,
Brno yense atabisa manja m'matumba.
Ine m'chipinda chofunda, masokosi osiyana mitundu,
ndinadina n'kuti pitani.
Anapita.
Sindinafunse ngati adya.

Pofika ulendo wachisanu ndi chinayi
akavalo anali atatitimira m'dambo,
ngolo za buledi zili kutali kumbuyo, gudumu lathyoka,
wonga watha,
ndipo mthenga amene ndinamutuma mbandakucha
anafika ndi lamulo langa kwa anthu oti anathawa kale.
Timabokosi tinayera, kenako zii.
Kompyuta sinandiseke.
Inangolemba manambala, mzere ndi mzere.

Ndadziwakale anamanga nyumba yopanda khomo.
Ndinatsegula bukulo, tsamba loyamba.

Usiku wachiwiri, wachitatu, wachisanu ndi chiwiri,
homuweki ili pansi pa kapu ya tiyi wozizira,
ndinadziwa kuti chitunda chimadya mayendedwe awiri,
kuti nkhalango imabisa mdani ndi mnzako yemwe,
kuti wotopa amathawa ngakhale ukalipire galasi,
kuti kuseri kwa chifunga kulibe mbali yako.
Amayi ankagogoda khoma: gona iwe!
Ndinkayankha kuti katsala kamodzi,
bodza lomwe ankalidziwa.

Lamlungu malume anabwera ndi matikiti awiri a sitima.
Tinatsikira cha ku Slavkov,
n'kuyenda m'mphepete mwa munda wolimidwa kale,
akhwangwala akutola zawo osatilabadira.
Matope anagwira nsapato zanga,
phazi lililonse kulemera ngati njerwa,
mphepo ikulowa m'khutu, mphuno ikuchucha.
Ndinali nditangonyamula fulasiki ndi apulo mmodzi,
koma pakati pa chitunda ndinaima, manja m'maondo,
befu, befu.

"Mizinga yako unaikweza apa," anatero malume,
akuyatsa ndudu yomwe mphepo inkakana.
"Unadina kangati?"

Kamodzi.

Sananenenso kanthu.
Kumunsi thirakitala inkakoka ngolo ya manyowa,
galu akuuwa m'mudzi wa madenga ofiira,
ndipo ine ndinkaona msana wa munthu wina,
mwina wamkulu pang'ono kuposa mchimwene wanga,
phewa lili pa gudumu, zala zosweka ndi chisanu,
akukankha chitsulo chifukwa wina kwinakwake
waloza ndi chala pa pepala.

Tinadya apuloyo pakati, titafulatira mphepo.

Madzulo ake nsapato zili pa nyuzipepala kuseri kwa chitseko,
ndinasankha kamlatho kaja.
Anthu makumi anayi, mzinga umodzi, mtsinje wopapatiza.
Ndinawapumitsa kuseri kwa mpanda wa miyala,
ndinadikira ngolo ya buledi ifike,
chala chili m'malere pamwamba pa batani,
chikuyabwa, ine ndikuchikaniza.

Mlathowo anaulandabe, cha m'ma folo koloko.
Koma ndinaolotsa makumi atatu ndi mmodzi,
ndinawawerenga kawiri,
ndipo nditaimbira malume kuti ndiwauze
anandifunsa za asanu ndi anayi aja,
kuti ndinawasiya mbali iti ya madzi.