Theka la Njira

Pakhonde la a Fulujensiyo, kuseri kwa msika wa ku Ulongwe,
ndinaphunzira kudziwa wailesi yopserera ndi mphuno
ndisanaimasule n'komwe.
Chaka chachiwiri ndinayamba kudziyesa mmisiri.

Mayi Anasitansiya anabwera nayo yawo yokulunga m'kapulana,
yakalekale, ya matabwa m'mbali,
kopotokolera mawu kakutsokomola.
Ndinakazula, ndinakaponya m'chitini,
n'kutola kena m'kabati:
msinkhu womwewo, miyendo itatu, manambala ofanana.
Mtovu unagwira bwino.
Ndinalandira ndalama ndikuimba mluzu.

Kutacha, anabweranso.
"Mwandichotsera kunong'ona, mwananga.
Ndikangokhudza, yakuwa kale
ngati woitanira galimoto ya ku Tete,
ndikapotokolabe, palibenso chowonjezera.
Bambo anga ali pamphasa mwezi wachitatu uno,
tulo tawo n'topyapyala ngati khoko la anyezi.
Ine mauthenga a maliro ndimamvera usiku,
khutu lili pasipika."

A Fulujensiyo sanakalipe.
Anavundula chitini chija, anapukuta kakale pa malaya,
nandilozera kumsana kwake: A.
Kanga kanalembedwa B.
Anagunditsa singano za mita, napotokola mpaka pakati.
Kanga kanaonetsa theka ndendende,
ngati sikelo isanalowe m'manja mwa ogula mbatatesi.
Kakale kanaonetsa kagawo chabe, mwina limodzi mwa khumi.

"Kakunama aka," ndinatero.
"Iyayi. Kamalidziwa khutu.
Tambala mmodzi akalira, wachiwiri ukamumva walowapo.
Koma akamalira makumi awiri,
wowonjezerapo amamuzindikira ndani?
Khutu siliyenda ndi mapazi ofanana.
Pachete limatola ndi kugwa kwa singano,
paphokoso limafuna mulu kuti livomere.
N'chifukwa chake aka kamayamba mokwawa,
kuthamanga kamasungira kumapeto.
Kakoko si koipa. Kali ndi pake,
kolamulira liwiro, kuwala, zinthu zopanda makutu.
Koma osati apa."

Katsopano ka A tinalibe, ndipo ku Tete n'kutali.
Tinakagulula mu ampulifaya yakufa ya m'bala ina,
mwini wake sanaibwerere chiyambire dzinja.
Ndinakatsuka ndi sipiriti, ndinakauzira,
ndinakalumikiza dzanja likunjenjemera.
Mayi aja anayesa okha.
Chala chinayenda, chinayenda,
mawu akutuluka pang'onopang'ono ngati nthunzi m'dambo.
Anagwedeza mutu. Ndalama sitinatchule.

Patapita masabata atatu, madzulo,
ndikusesa tizidutswa ta nthambo,
wailesi ya pakhonde inatchula mudzi wa ku Domwe,
dzina la mkulu wina,
ndi la mwana wake wamkazi, Anasitansiya.
Ndinaika tsache pansi.
Ndinatsitsa mawu osazimitsa,
ndipo njira yotsikira inali yaitali,
yaitali ndithu,
isanafike poti zii.