Kanayi Kokha

Lachisanu anakuwerengani, Mayi Virve,
m'holo ya yunivesite kuno ku Tartu,
chipale chofewa chikuunjikana pa mawindo.
Mkulu wa dipatimenti anatsokomola, nakonza magalasi:
mapepala zana limodzi ndi khumi ndi asanu ndi awiri,
dzina lanu lotchulidwa m'zolemba za ena
maulendo zikwi zisanu ndi zitatu.
Holo yonse inaomba m'manja.
Ine ndinaima kumbuyo, pafupi ndi tebulo la khofi,
manja ali m'matumba,
manja omwewa amene anatsuka timbale tanu tagalasi
zaka makumi atatu ndi chimodzi.

Chiwerengero chilibe mphuno.
Sichidziwa fungo la msuzi wodyetsera mabakiteriya
likakanirira m'tsitsi mpaka m'basi ya madzulo.
Sichinalipo usiku uja firiji inafa,
ife awiri tikupalasa ndi manja kuseri kwa labotale,
kukwirira timachubu m'chipale
kuopa kuti mibadwo yonse ingathere m'manja mwathu.

Pepala limene linakutchukitsani ndi la masamba atatu,
kanjira kachidule kolowetsera jini m'selo.
Munalilemba masana amodzi, chimfine chili tho,
mpango wonyowa pambali pa taipi.
Lero ku Osaka, ku Lima, ku Dundee
amakutchulani monga mmene munthu atchulira dzina la msewu,
podutsa,
maso ali kwina.

Koma lija la mtima wanu, ndani analiwerenga?
Tinakatapa dothi ku mapiri a phulusa a ku Kohtla-Järve,
nsapato zanu zikumira, inu mukuseka.
M'dothimo munapeza kachilombo kouma mutu
kamene jini yake imadumpha malo njala ikafika povuta.
Zaka zisanu ndi ziwiri mukukamana chakudya dala,
mukukazonda pa maikulosikopu mpaka khosi kuuma.
Oweruza anabweza pepalalo kawiri.
Wachiwiriyo analemba mzere umodzi: "Nanga phindu lake?"
Simunalankhule tsiku lonse.
Munangonola mapensulo onse a m'kabati.

Litatuluka, latchulidwa kanayi kokha.
Kawiri ndi inu mwini,
kamodzi ndi Kaarel, wophunzira wanu, mwina mwa ulemu chabe,
ndipo kamodzi ndi munthu wina wa ku Tucumán
amene analakwitsa kalembedwe ka dzina lanu.
Munadula kolakwikako ndi sizasi
n'kukamata m'kati mwa chitseko cha kabati.
Kadakali pomwepo, kachita chikasu.

Munandiuza tsiku lina, tikudya buledi wakuda pa masitepe,
kuti mabakiteriya amapatsana majini ngati anansi obwerekana machesi,
wolandira safunsa kuti woyamba anali yani,
amangokhala ndi moyo basi, nagawikana pawiri.
"Ndife tokha, Endel, timafuna lisiti."
Ndinaseka, koma kunyumba ndinakatsegula mapepala anu
kufunafuna dzina langa.
Lilimo, kumapeto, m'tizilembo tating'ono ta chithokozo,
kumene makina owerengera safikako.
Kasanu ndi kamodzi.
Ndakuposani ndi kawiri, Mayi.

Lolemba munabwera kudzalongedza.
Mabuku munapatsa ana, chikho cha mphotho munaiwala pa shelefu.
Pa firiji munaima nthawi yaitali, chitseko chili chotsegula,
nthunzi yozizira ikutsikira pa mapazi anu.
Bokosi lachitatu, mzere wachiwiri, kachubu ka chivindikiro chobiriwira.
Simunakakhudze.
Munangoti, "Akadzafuna malo, muyambe kutaya zinazo."

Mutapita ndinapala kachipale pang'ono pamwamba pake,
ndinakapaka pa mbale yatsopano, mizere itatu,
monga munandiphunzitsira ndili ndi tsitsi.
Palibe amene anandituma.

Lachitatu m'mawa, kunja kusanayere,
ndinakweza mbale ija ku nyali:
timadontho toyera, tonenepa, mbuu,
tosadziwa kuti mwapuma pa ntchito.
Ndinatenga cholembera n'kuyamba kuwerenga.
Ndinasokonezeka pa mazana awiri ndi kanthu,
ketulo itayamba kulira.