Wotchi Yozondoka

Mayi anawoloka Muloza ali ndi zaka khumi ndi zisanu,
madzi m'chiuno, mlongo wawo kumsana,
pamutu kabuku ka masamu ka Chipwitikizi
kokulungidwa m'jumbo ya shuga.
Kumbuyo mfuti zinkatsokomola m'mapiri a Milanje.
Wolemba mayina kumsasa anafunsa kawiri.
Iwo anati Rosalina,
cholembera chinati Lozalina.
Sanatsutse. Mlendo sakonza kalembedwe ka mwini buku.

Sukulu anayambiranso pansi, patsinde pa mbawa ku Limbuli,
namwali wathunthu pakati pa tiana ta mamina,
anzawo akuseka lilime lawo lopindika:
"Mpwitikizi, tanenanso kuti ng'ombe."
Ananena. Ananenanso.
Mpaka ng'ombeyo inawazolowera.

Ine ndinawadziwa atavala kale zoyera,
pachifuwa wotchi yozondoka
yomwe ndinkayesa yowonongeka.
"Imayang'ana ine," ankatero,
"koma nthawi ili m'menemu ndi ya wodwala."

Kachipatala ka pa esiteti, mabedi asanu ndi limodzi,
denga lodontha chiperoni ikatsika.
Othyola tiyi ankabwera ndi zala zong'aluka,
msana wouma ndi dengu, chifuwa cha mame,
ena pa kabaza pakati pa usiku, mwana ali kale panjira.
Magetsi akazima Mayi ankaluma tochi,
manja ali pa ntchito.
Akatopa zedi, kugunda kwa mtima
ankakuwerenga m'chinenero chakale chija,
motsitsa, ngati munthu woba,
um, dois, três,
kenako n'kulemba nambala mwa kuno.

Malipiro ankalowa pakhomo m'mawa,
madzulo atatulukira kale pawindo.
Fizi ya malume Abiliyo, aja anabwera pamsana.
Fizi yanga, ya Ndaziona.
Ya Wedisoni, mwana wa mlonda, wopanda nafe ubale,
yemwe anangomupeza pakhonde la chipatala
akuwerenga katoni ya mankhwala ndi chala.
Malisiti onse m'chitini cha mabisiketi kunsi kwa bedi,
momwe ena amasungamo ndolo.
Nsapato zoyera zija anazipaka choko zaka zinayi.

Sindinawakonde masiku onse, ndinene zoona.
Ankachokera ku naiti maso ali psuu, akununkha sipiriti,
asanavule n'komwe: "Kope lili kuti?"
Tsiku lina ndinakhoza naini pa teni,
anandifunsa komwe ndinataya imodziyo.
Ndinakalira kuseri kwa nthochi,
ndikusirira ana a mayi wogulitsa zinanazi pa Chitakale
amene ankangofunsidwa ngati asamba.

Kwawo anabwererako kamodzi, nkhondo itatha.
Anapeza mango pomwe panali nyumba,
manda osadziwika mwini,
ndi anthu owalonjera kuti "a ku Malawi."
Kuno ndiye "a ku Mozambiki."
Anabwerako ndi chitenje chimodzi ndi mawu ochepa.
M'mawa mwake anali pa sikelo, akubaya katemera,
akuzazira mayi wina wotaya khadi la mwana.

Lero manja awo amanjenjemera, sangapezenso mtsempha.
Amakhala pakhonde kuyang'ana phiri
lomwe ankaliona ali mwana, kuchokera kuseri kwake.
"Ndi lomweli," amatero, "langondipatsa nkhope ina."
Malume Abiliyo akuphunzitsa masamu ku Luchenza.
Wedisoni tsopano amalembera anthu mankhwala,
zilembo zake ndi Mayi okha amaziwerenga osakwinya.

Ine ndikafika, odwala anga akadali m'mutu,
amandikoka dzanja, zala ziwiri pamkono,
maso pa wotchi yomwe inaima kalekale,
milomo ikuyenda.
Sindifunsa kuti akuwerenga m'chinenero chiti.
Akamaliza amati, "Sukugona iwe."
Kenako, akusuzumira m'chikwama changa,
"Nanga makope a ana wawasiyanso?"