Malire a Wadi

Msewu wa phula umathera pa shopu ya a Mtambalika.
Kuyambira pamenepo ndi kwathu:
fumbi, ndi paipi yophulika
yomwe yakhala ikulira chiyambire Epulo.

Akuti ndalama za chitukuko anagawana kale kukhonsolo,
wadi iyi zakuti, wadi iyo zakutizakuti.
Nomvula anandiwerengera pepalalo m'takisi.
Kamlatho kathu ka pa Jukskei
kali pa tsamba lomaliza,
pansi pa mawu oti chaka chamawa.

Ine kuno ku Joni sindivota.
M'mawa ndimathirira kapinga ku Sandton
komwe nyali za mumsewu zimayaka ndi masana omwe.
Madzulo ndimavula nsapato,
kupinda buluku,
kuwoloka chithaphwi cha ku Alex,
malire a wadi
akundilekeza m'akakolo.