Kope la Lachitatu

Lachitatu lililonse timakwera kombi ya ku Mufakose,
ine ndi amayi, Anangozo,
atakumbatira chikwama ngati muli mazira.
Muli kope la mizere
ndi khadi la achimwene anga, a Lonjezo.

Timatsika pa Copacabana, n'kuyenda wapansi mpaka ku Pari,
maluwa a jakaranda akutimatira ku nsapato.
Amayi salankhula panjira.
Mawu anawathera kwa mneneri wa ku Epworth
amene anatidyera mbuzi ziwiri ndi wailesi
n'kutipatsa madzi amchere m'botolo.

Zinayamba ndi mita ya magetsi.
A Lonjezo anati ikuwaitana usiku,
ikuwerenga machimo awo m'malo mwa mayunitsi.
Munthu amene ankaukitsa mafoni akufa ku Mbare
anayamba kuopa waya.
Tinawaseka kaye, ndivomere.
Kenako tinawakalipira.
Tsiku lina atsibweni anabwera ndi chingwe chomangira katundu,
ine ndinagwira mwendo wamanzere.
Dzanja ili silinaiwale.

Kuchipatala kuli kachipinda ka mabenchi atatu.
Sisita Mudzingwa amatiphunzitsa m'Chishona,
ine n'kumanong'oneza amayi m'chathu,
poti Chishona amachimva pamsika,
koma za mwana wawo amazimva m'Chichewa chokha.

Sisita akuti: musalimbane ndi mawu amene simukuwamva.
Nenani kuti, ine mitayo sindikuimva,
koma ndikuona kuti ikukuopsa, ndikhala nawe pano.
Akuti: akasiya kugona masiku awiri, musadikire lachitatu.
Manja akamanjenjemera, ndi mankhwala, bwerani tisinthe,
musataye mapilisi m'chimbudzi.
Akuti: inunso muzidya.
Apa mdala wina wa ku Kuwadzana anaseka mpaka misozi,
mkazi wake wadwala zaka khumi ndi zinayi
ndipo palibe anamufunsapo ngati wadya.

Amayi anakweza dzanja kamodzi kokha.
Ndinamasulira funso lawo mawu akundithawa:
kodi ndinalakwa chiyani pomulera?
Sisita anavula magalasi. Palibe, mayi.
Ndi matenda, monga shuga, monga mphumu.
Amayi analemba mawu amodziwo, palibe,
akudinikiza cholembera mpaka pepala linabooka.

Tsopano kope limadzaza pang'onopang'ono.
Lolemba: wagona maola asanu. Wamwa.
Lachiwiri: wakana kusamba, sitinakakamize.
Loweruka: mankhwala atha kuchipatala,
tagula kufamase ndi madola a tomato wa sabata yonse.
Masamba ena ndi opanda kanthu.
Amenewo ndi masiku amene tinalephera,
amene ndinamenyetsa chitseko n'kukalirira kuseri kwa thanki,
ndikufuna mchimwene wina, wosavuta kukonda.

Ana a mumzere wathu amakuwa kuti benzi, benzi.
Kale amayi ankatseka makatani.
Lero amatulutsa mpando pakhonde,
a Lonjezo n'kukhala padzuwa, anthu akuona.
Mai Tafara a nyumba yoyandikana anayamba ndi moni wapatali,
mwezi watha anabweretsa mapeyala atatu
n'kufunsa, mwamanyazi, za mlongo wawo wa ku Chitungwiza,
ngati Lachitatulo amalola aliyense.

Dzulo magetsi anazima madzulo.
Mita inakhala chete, kwa ife ndi kwa iwo.
A Lonjezo anati, bwera nayo foni yako yosweka ija.
Zala zawo zinkavina pa tizomangira,
kamodzi kanagwa, tinakasaka pansi ndi maondo.
Gwira kandulo bwino, anatero,
ndipo ndinaigwira ndi dzanja lomwe lija.
Ndinati, achimwene, za chingwe zija.
Anati, ndikukumbuka. Wanika kuno.

Phula linandidonthera pachala, sindinasunthe.
Amayi anatsegula kope mumdimamo
n'kulemba mopendama, kudumpha mizere:
Wakonza foni.
Sinayake.
Waseka.